Ndakatulo Yonena za Amayi Ikalowa M'kalasi

Pakati pa mwezi wa Okutobala, Tsiku la Anakubala likamayandikira, sukulu zambiri za pulayimale zimakumbukira kuti kunja kuno kuli ndakatulo. Aphunzitsi amalemba pabolodi ndime ziwiri zotamanda amayi, ana n'kukopera m'makope, n'kuloweza. Pasanafike pa 15, mtsikana wa mawu omveka amaima kutsogolo pa asembule n'kuilakatula, dzanja lili pamtima, anzake n'kumuwombera m'manja. Akabwerera m'kalasi funso limakhala lomwe lija: "Kodi ndakatuloyi ikutiphunzitsa chiyani?" Mikono imakwera yambirimbiri. "Tizilemekeza makolo athu." Aphunzitsi amavomera, phunziro latha.

Yankholo si lolakwa. Vuto lake n'lakuti mwanayo akadatha kulipereka ngakhale akadajomba tsiku lomwe ndakatuloyo inkawerengedwa. Silidatuluke m'ndakatulo, lidachokera m'thumba la mayankho amene mwana aliyense amayenda nawo podziwa kuti akuluakulu amakondwera nawo. Ine ndikuona kuti nkhani yonse yophunzitsa ana ndakatulo za pabanja ndi chikondi yagona pamenepa: tingatani kuti mwana amve ndakatuloyo payokha, aione ikukhudza za kwawo, ndipo ayankhe ndi mawu akeake?

Tiyambe n'kuvomereza kuti mwana safika kusukulu ali mlendo pa ndakatulo. Adayamba kuimva ali kumsana, womulera akumugwedeza ndi kanyimbo komutonthoza. Adaimva pamtondo, pomwe musi umagunda nthawi ndipo amayi amaimba zomwe sangazinene poyera: mwamuna wochona, apongozi ovuta, mwana wodwaladwala. Adaimva m'nthano, pamene wokamba amaima pakati n'kuyambitsa nyimbo, omvera n'kuvomera. Adamvanso agogo akuthokoza munthu pomutchula chiwongo, Phiri kapena Nabanda, mawu akukokedwa mwaulemu. Steve Chimombo, yemwe adaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ku Zomba, adatulutsa buku mu 1988 lofufuza luso la zapakamwa la Amalawi, ndipo ntchito ngati imeneyo imatikumbutsa kuti luso limeneli lili ndi miyeso yakeyake ya chokoma ndi chosakoma. Ndakatulo zolembedwa m'chinenero chathu zidabwera pambuyo. E.J. Chadza adatulutsa buku lake la ndakatulo mu 1963, J.W. Gwengwe lake mu 1967, ndipo mu 1981 Enoch Mvula adasonkhanitsa za alakatuli osiyanasiyana m'buku lotchedwa Akoma Akagonera. Ngakhale lero, Amalawi ambiri adawadziwa Benedicto Wokomaatani Malunga kapena Robert Chiwamba powamva ndi khutu, pa wailesi, pa msonkhano kapena pa foni, asanaone mzere wawo ndi umodzi womwe pa pepala. Mawu oti "kulakatula" omwewo ndi a pakamwa.

Choncho khomo lolowera ndi khutu. Mphunzitsi awerenge ndakatuloyo mokweza, kawiri kapena katatu, mabuku ali chitsekere, ndipo asathamange. Chichewa chili ndi kayimbidwe kake. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo pa mapeto a chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, n'chifukwa chake wolakatula waluso amapuma pamalo oyenera kuti kukokako kumveke. Kugwirizana kwa mawu nakonso kumabala nyimbo mwa iko kokha. Nenani kuti "kamwana kanga kakang'ono kagona", mumva "ka" akubwerera kasanu popanda kumukakamiza, ndipo "ka" yemweyo wanyamula chikondi chonse cha wolankhulayo. Musinthe n'kunena kuti "chimwana changa chagona", ana aseka nthawi yomweyo, chifukwa amva kuti mtima wa wolankhulayo wasintha. Limenelo ndi phunziro lathunthu la ndakatulo, ndipo silifuna buku.

Aphunzitsi ena, potengera zomwe adaphunzira pa ndakatulo za Chingerezi, amatuma ana kusaka mawu omveka mofanana kumapeto kwa mizere. M'Chichewa kusaka kumeneko sikupindula kwenikweni, popeza aneni athu ambiri amathera pa "a" ndipo kufanana kotero kumabwera kokha. Mphamvu yathu ili pa chibwereza, pa kuyambitsa ndi kuvomera, ndiponso pa mvekero. Mwana wa Sitandade 2 mukamuuza kuti amayi atapita ku chipatala nyumba idangoti zii, safuna womumasulira. Waimva nyumbayo. Mungamufunse kuti kwawo kumati zii nthawi yanji, ndipo apo ndiye kuti wayamba kuyankha ndakatulo.

Pali phindu linanso loti tisalitaye. Mu 2016 boma lidayambitsa National Reading Programme m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, momwe ana amaphunzira maliwu ndi maphatikizo mwa dongosolo. Ndakatulo yaifupi ndi bwenzi la ntchito imeneyi, chifukwa mawu obwerezabwereza amamupatsa mwana wowerenga modzandira poponda. Koma pali msampha. Mwana woloweza msanga amatha kuyendetsa chala pa mizere ngati akuwerenga, chonsecho akungotulutsa za m'mutu. Mphunzitsi watcheru amaloza mawu a pakati pa mzere, kapena kulemba mizere pa timapepala n'kuisokoneza kuti ana aisanje, ndipo pamenepo zimadziwika amene akuwerengadi.

Tsopano tifike pa mawu oti "banja", omwe ndi ovuta kuposa momwe amaonekera. Chithunzi chomwe chimabwera msanga m'maganizo a wolemba ndi cha bambo, mayi ndi ana awiri kapena atatu pakhomo limodzi. Ana a m'kalasi sachokera m'chithunzi chimenecho onse. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati ndi chakummwera, komwe anthu amatsata chikamwini, mwana amakulira pakati pa abale a amayi ake, ndipo malume ndiwo mwinimbumba. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire mwana amawerengedwa kuchimuna. Wina abambo ake ali ku Joni, amangowamva pa foni, monga momwe agogo ake ankadikirira kalata nthawi ya Wenela. Wina akuleredwa ndi agogo, wina ndi mchemwali wake wa zaka 17. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 12 pa 100 alionse osakwana zaka 18 adali atataya kholo limodzi kapena onse awiri. M'kalasi ya ana 100, amenewo si ana awiri okhala kumbuyo. Ndi mzere wathunthu.

Chinenero chathu chimatithandiza pano. Mng'ono kapena mkulu wa amayi ndi amayi ndithu, aang'ono kapena aakulu, ndipo m'bale wamwamuna wa abambo ndi abambo. Mwana wa Chichewa amadziwa kale kuti umayi sukhala pa munthu mmodzi yekha. Mphunzitsi akafunsa kuti "ndani amakuphikira phala, ndani amadzuka ukadwala usiku?" mwana aliyense ali ndi woti amutchule, pomwe akanena kuti "aliyense alembe za amayi ake omubereka" watsekera ena kunja. Kusintha kwake n'kochepa, koma kwa mwana amene adaika amayi ake m'manda chaka chatha ndi kusiyana kwa tsiku lopiririka ndi tsiku loti mawa asabwerenso.

Sindikunena kuti ndakatulo za imfa ndi kusowana zibisidwe. Ana athu amapita ku maliro, amamva nyimbo za pa siwa, amaona amayi awo atamanga chitenje m'chiuno akulira. Kuwapatsa ndakatulo zokoma zokhazokha ndi kuwauza kuti zimene zikuwawawa sizoyenera kulowa m'buku. Chofunika n'chakuti mphunzitsi awadziwe ana ake asanasankhe ndakatulo yotero, asaloze mwana n'kunena kuti "iwe poti ndiwe wamasiye tatiuza", ndipo alole kuti kukhala chete nakonso kukhale yankho. Mwana wina amangojambula, wina amabwera pa nthawi yopuma anzake atatuluka. Nthawi zina zomwe anganene zimapitirira ndakatulo: kumenyedwa, kugonekedwa ndi njala, kugwiridwa mosayenera. Apo mphunzitsi asachite yekha. Kuli aphunzitsi aakulu, kuli gulu la amayi la pasukulu, kuli alangizi oteteza ana, ndiponso nambala yaulere ya 116. Wophunzitsa ndakatulo za pabanja ayenera kuzidziwa njira zimenezi asanatsegule buku.

Nanga chikondi? Apa ndi pomwe ndimaona kuti ndakatulo zambiri zolembera ana zimaphonya. M'makomo ambiri kwathu kuno kholo silimuuza mwana kuti "ndimakukonda". Mawuwo alipo, koma amamveka kwambiri m'nyimbo ndi pakati pa anthu ofunsirana. Chikondi cha pakhomo chimaoneka ndi maso. Ndi mkute wosungidwa kuti mwana adye asanapite kusukulu. Ndi nkhoko zomwe agogo amapala m'poto n'kubisira mdzukulu. Ndi nkhuku yomwe idagulitsidwa kuti papezeke yunifolomu, ndi chitenje chomwe amayi adavula paphewa n'kufunditsa mwana pa ulendo wa m'bandakucha mu Juni, ndi abambo opalasa njinga usiku mwana wotentha thupi ali kumbuyo. Ndakatulo yongounjika matamando, yoti amayi ndi mngelo, ndi duwa, ndi golide, mwana amailoweza koma samuonamo mayi wake, yemwe ali ndi ming'alu kuzidendene ndipo amakalipa mbale zikagona zosatsuka. Ikatchula mkute uja, mwana amadzidzimuka, chifukwa zomwe ankaziona ngati zachabe za kwawo zapezeka kuti n'zoyenera kulembedwa.

Pophunzitsa zifanifani, ndi bwino kuwasiya ana afunefune zawo. Mukafunsa kuti agogo ako ali ngati chiyani, wina adzati ali ngati mtengo wa mango. Musafulumire kuvomera kapena kukana. Funsani kuti chifukwa chiyani. Mwina ndi mthunzi, mwina ndi zipatso, mwina n'chifukwa chakuti ana onse a pamudzi amasonkhana pamenepo. Wina adzati amayi ake ali ngati thadzi, poti amafungatira komanso amajompha. Mwana wotereyu wamvetsa kale chinthu chomwe ndakatulo zabwino zimadziwa, chakuti m'chikondi muli mkwiyo, mantha ndi nsanje. Mwana amene wangolandidwa kumsana ndi khanda latsopano amalikonda khandalo, komanso amalakalaka litabwerera komwe lidachokera. Nyimbo za pamtondo sizidabise zimenezi, ndipo sindikuona chifukwa choti ndakatulo za m'kalasi zizibise.

Funso la "ikutiphunzitsa chiyani" lili ndi mizu yake, ndipo si chilungamo kungowadzudzula aphunzitsi. Nthano zambiri zimathera pa mwambo, kutchalitchi ndi kumadrasa mawu amawerengedwa kuti apereke langizo, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafuna yankho loti wochonga alione msanga kuti ndi lokhoza kapena lolakwa. Pamwamba pa izo pali kuchuluka kwa ana. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidalumpha kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo m'masitandade oyambirira. Munthu amene ali ndi ana otere, mphindi zowerengeka ndi buku limodzi pa ana angapo, amathawira ku funso lomwe lili ndi yankho limodzi. Palinso china chozama. Mwana wathu amaleredwa kuti asamayankhe akuluakulu. Mwana "woyankha" ndi wamwano. Ndiye tikamuuza kuti ayankhe ndakatulo yolembedwa ndi munthu wamkulu, yosindikizidwa m'buku la boma, yowerengedwa ndi aphunzitsi, tikumupempha chinthu chomwe kwawo adamuletsa. Sangachite pokhapokha mphunzitsi atamutsegulira khomo poyera, n'kumuonetsa kuti kunena kuti "ine mzere uwu sindikugwirizana nawo" si mwano ngati wapereka chifukwa.

Mafunso otsegula khomolo si ovuta. Akulankhula ndani m'ndakatulomu, ndipo akulankhula ndi yani? Ali kuti, nthawi ili bwanji, wadziwa bwanji? Ndi mzere uti womwe watsalira m'mutu mwako? Funso lomwe ndimalikonda kwambiri ndi la "inu" ndi "iwe". Wolankhula akawaitana amayi ake kuti "inu amayi", waima patali pang'ono mwaulemu, monga mwana aliyense woleredwa bwino. Akati "iwe mayi wanga", ana amatukula mitu, chifukwa pakhomo sangayerekeze kutero. Afunseni kuti mlakatuliyu walimba mtima bwanji. Ena adzati ndi wachipongwe. Ena adzati mwina amayiwo adamwalira ndipo akulankhula nawo mumtima. Ena adzati akulankhula ngati khanda lomwe silidaphunzire ulemu. Mayankho atatuwa akusiyana, koma onse achokera m'mawu a ndakatuloyo, ndipo mphunzitsi angawatume ana kubwerera ku mizere kukafuna umboni. Uku ndiye kuwerenga. Mayina a nsinjiro za chiyankhulo, monga zining'a, zifanifani ndi mikuluwiko, ali ndi malo ake ndipo mayeso adzawafuna, koma abwere pambuyo, ngati dzina lopatsidwa kwa chinthu chomwe mwana wachigwira kale m'manja.

Kuchuluka kwa ana sikuletsa zonsezi. Kalasi yaikulu ndi kwaya yokonzeka kale: mbali ina iyambitse, ina ivomere, anyamata atenge mawu a mwana, atsikana a agogo, kenaka asinthane. Ana amene amasewera masanje tsiku ndi tsiku sangalephere kuchita sewero la ndime imodzi pansi pa mtengo. Pomwe palibe mapepala, mchenga ulipo wojambulapo.

Chikondi cha pakati pa mwamuna ndi mkazi ndicho chimawaopsa makolo, ndipo mantha awo ndi omveka. Kafukufuku yemwe uja adapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo, koma mchitidwewo sudatheretu. Kholo likamva kuti kusukulu akuwerenga za chikondi, limaganiza za mimba. Kwa ana aang'ono nkhaniyi siyofunika n'komwe; za pakhomo, za abale ndi za ubwenzi n'zokwanira. Koma mwana wa Sitandade 7 kapena 8, yemwe nthawi zambiri amakhala atatha msinkhu, akumva kale nyimbo za chikondi m'minibasi ndi pa foni ya mkulu wake, ndipo mwina ndakatulo ya Malunga ya Ligineti adaimvapo pa wailesi. Maganizo anga ndi akuti ndakatulo yosankhidwa mosamala, yonena za kudikira, lonjezo kapena kunamizidwa, imamupatsa mwana wotere mpata woyeza mawu okoma ali pamalo otetezeka. Mtsikana amene adazolowera kufunsa kuti "wolankhulayu akufuna chiyani, ndipo n'chiyani chomwe sakunena?" adzafunsanso chimodzimodzi tsiku lomwe wina adzamuimitsa panjira ya kuchigayo. Mphunzitsi wanzeru amayamba wakambirana ndi komiti ya makolo, osati kudikira kuti amve mphekesera.

Tisaiwalenso kuti si ana onse amene Chichewa ndi chinenero cha kunyumba. Chidakhazikitsidwa ngati chinenero cha dziko mu 1968, ndipo mwana wa ku Rumphi, ku Mangochi kapena ku Nsanje amachiphunzira m'kalasi pomwe amayi ake amamutonthoza m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena. Pa nkhani ya mumtima ngati iyi, kumulola kutchula womulera m'mawu a kwawo, ngakhale kuyamba yankho lake m'chinenero chimenecho, sikuchepetsa phunziro la Chichewa.

Chomaliza chomwe mwana angachite ndi ndakatulo ndi kulemba yake. Ambiri tikawauza kuti "lembani ndakatulo" amabwereza ya pabolodi ija atasintha mawu awiri. Zimayenda bwino ntchito ikakhala yopapatiza: lemba zinthu zitatu zomwe manja a womulera wako adagwira dzulo, lemba zomwe umamva m'nyumba mwanu usanatsegule maso m'mawa. Mizere inayi ndi yokwana. Zolakwa za kalembedwe zikonzedwe tsiku lina, chifukwa mwana amene wapereka za kumtima kwake n'kulandira kope lodzaza inki yofiira salembanso zoona.

Ndakatulo zoyenera ana, zolembedwa bwino m'Chichewa, n'zochepa m'manja mwa aphunzitsi. Mabuku a ophunzira ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi ali nazo zingapo, koma sangakwanitse kalasi iliyonse ndi dera lililonse, ndipo alakatuli athu otchuka amalembera kwambiri akuluakulu. Pomwe tikudikira kuti alembere ana, nkhokwe ina ili m'makomo. Mphunzitsi angawatume ana kukafunsa kunyumba kuti ali khanda ankawaimbira nyimbo yanji, ndipo ankaimba ndani. Mawa lake kalasi imakhala ndi nyimbo makumi angapo, zina zofanana koma zosiyana mawu, ndipo ana amatsutsana kuti yolondola ndi iti. Zingapo zilembedwe pabolodi monga momwe anawo azinenera, ziwerengedwe ngati ndakatulo ina iliyonse, ndi mafunso omwe aja. Kenaka aliyense akopere imodzi, apite nayo kunyumba, akawawerengere agogo kapena azakhali amene adamuuza. Ena mwa akuluakuluwa sadziwa kuwerenga, ndipo kadzakhala koyamba kumva nyimbo yawo ikutuluka m'kope la sukulu.